Amuna Anga Analapa Pamsika wa Golomoti

1

Akazi ena amadziwira za chibwenzi cha amuna awo pa fungo la mafuta achilendo pamalaya. Ena amanong'onezedwa ndi anzawo kudambo. Ine ndinamvera pamsika wa Golomoti, dzuwa likuswa mtengo, kuchokera pakamwa pa mwini wake, kudzera pachimkuzamawu cha mabatire, anthu akuwomba m'manja.

Ndine Josephine, Nabanda, wa kufupi ndi Mtakataka. Sukulu ndinalekezera Folomu 3. Amuna anga, a Alufeyo Mbewe, anadzamanga pakhomo pa amayi monga mkamwini. Ankachita geni ya usipa: kukagula kunyanja panjinga, kukagulitsa kumtunda. Anali munthu wofatsa, woti nkhuku ikalowa m'nyumba amachita kuipempha kuti ituluke.

Ndivomere kuti ndine wamantha. Mwana wanga Petulo anabadwa movutikira. Matenda atakhalitsa, azamba anandizungulira.

"Tchula, mwana iwe! Unayenda ndi ndani? Awa ndi mapinga. Ukabisa, mwana satuluka."

Ndinalibe dzina loti nditchule. Ndinafufuza m'mutu monse, ngakhale la mnyamata amene anandibwereka rula ku Folomu 1. Pomaliza anandikweza pangolo kupita kuchipatala ku Mua, ndipo Petulo anabadwira kumeneko. Kuyambira pamenepo ndimaona chilichonse. Mwana akayetsemula ndimamugwira pamphumi. Munthu akaseka pamene ndadutsa ndimatembenuka.

Chaka chimenecho, 1988, titangokolola thonje, mpingo wathu wa Zokolola Zomaliza unalandira mphunzitsi wochokera ku Blantyre, abusa a Misheck. Jekete sankavula ngakhale kutenthe kotani.

"Mzungu anawoloka nyanja zikuluzikulu kudzakupezani," anatero Lamulungu loyamba. "Inu mukukanika kuwoloka mtsinje wa Bwanje? Mpingo uliwonse utume amishonale akeake!"

Anatsegula Sukulu ya Asodzi a Anthu m'tchalitchi mwathu momwemo, nasankha amuna khumi ndi awiri, monga atumwi aja. Za Yudasi sanatchule. A Mbewe anali m'gululo.

Ankaphunzira zinthu zofunika ndithu: kuodira pakhomo pa munthu wosamudziwa, kusakana chakudya, kuyenda awiriawiri, kusalimbana ndi Asilamu pa nkhani ya nyama, ndi kuthawa mwaulemu gule akatulukira. Koma phunziro lalikulu linali umboni, kufotokoza pagulu mmene Yesu anakuchotsera m'matope.

"Umboni ndi nyambo," ankatero a Mbewe akabwera kunyumba. "Mbedza yopanda nyambo nsomba imangoinunkhiza."

"Nanga inu nyambo yanu ndi iti, bambo a Petulo? Tchimo lanu lalikulu si kugona m'tchalitchi?"

Anaseka. Inenso ndinaseka. Ndinali wochenjera kwambiri masiku amenewo.

2

Mwezi wa Okutobala Petulo anayamba kufooka. Maso anayera, timapazi tinatupa. Ku Mua anati malungo amutha magazi. Anandipatsa mankhwala nandiuza tsiku lobwereranso.

Amayi anadina phazi la mwana ndi chala, nayang'ana kabowo kamene kanatsala.

"Mankhwalawo mwetsa," anatero. "Koma ine ndabereka asanu ndi awiri. Ili ndi tsempho."

"Amayi, malungo amabwera ndi udzudzu. Tinaphunzira."

"Eya. Udzudzu wake ndi wa miyendo iwiri, wokwera njinga."

Tsempho, kwa inu obadwira m'tauni, ndi nthenda imene akuluakulu amati imagwira mwana bambo wake akadumpha mpanda mwanayo akadali kubere. Ine wa Folomu 3 sindinkakhulupirira zimenezo. Ndinkangodina phazi la mwana pafupipafupi, mwa sayansi chabe.

Amayi ankagulitsa mpunga ku Golomoti. Tsiku lina anabwera kunyumba kuchokera kumsikako. Anatula dengu, anamwa madzi, kenako anati:

"Tsiku la msika likudzali upite nawo. Ukamve mmene amuna ako akulalikirira bwino."

"Akulalikira chiyani?"

"Ndikakuuza ine uti ndimadana ndi mkamwini. Ukamve wekha."

3

Ndinaima kuseri kwa mayi wogulitsa mbiya, Petulo ali kumsana, nsalu nditafunda kumutu. A Mbewe anakwera pachitsa pansi pa mlambe. Munthu amene kunyumba amayankhula ngati akuopa kudzutsa makoswe, apa mawu ake ankafika mpaka kunjanji.

"Abale anga, amene mukumuonayu anali galu! Mkazi wanga ali ndi pakati, ine ndinapita kunyanja kukagula usipa. Mvula inagwa, tayala linaphwa. Mayi wina wokazinga kanyenya, wa mphini zitatu patsaya, anati, 'Usani pakhonde pano, achimwene.' Ndinausa pakhonde. Mvula sinakate. Ndinausa m'nyumba!"

"Mmm!" anatero msika wonse. Ogulitsa anasiya kuitanira malonda.

"Potsazika ndinamusiyira pampu ya njinga, chikole chakuti ndidzabweranso. Ndipo ndinabwereranso, abale, mpaka mayi uja anaima. Nditamva zoti waima, ndinachita chiyani? Ndinasintha dooko!"

Apa anagwada, nadziguguda pachifuwa katatu, nalira. Anthu angapo anakweza manja kulandira Yesu. Mayi wa mbiya uja anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Koma mkazi wake ndi wodala," anandiuza. "Mwamuna wolapa chonchi n'ngosowa."

Ine m'mutu munali chinthu chimodzi. Pampu yathu inasowadi nyengo ya mvula. A Mbewe anati inabedwa pamsika.

Sindikudziwa mmene ndinafikira kunyumba.

4

"Mayi a Petulo, khalani pansi," anatero a Mbewe madzulo ake, dzuwa lisanalowe. "Umboni umene uja si wanga."

"Ndi wa ndani? Pakamwa paja panali pobwereka?"

"Tinachita kupatsidwa kukalasi. Abusa anati machimo athu ndi ozizira, sangakoke munthu. Ndiye anatiphunzitsa umboni umodzi wamphamvu kuti tonse tiloweze."

"Ndi misozi yomwe?"

"Misozi ili pa gawo lachitatu."

"Nanga pampu?"

"Pampu inabedwa, ndinakuuzani. Zangofanana."

Amayi, amene ankamvetsera ali kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo wa apongozi, anatumiza mawu kwa malume anga a Laisoni, nkhoswe yanga. Tsiku la mlandu linaikidwa. Mudzi wonse unadziwa kuti mkamwini wa kwa Nabanda wasempha mwana, ndipo akapezeka wolakwa anyamula mphasa yake.

Kodi ndinkafuna apite? Ayi. Ndinkafuna wina andiuze kuti ndine wopusa, amuna anga ndi oyera, mwana wanga akudwala udzudzu basi. Choncho ndinayamba kufufuza ndekha.

Tsiku la msika wa Mtakataka ndinapeza a Geoffrey, mmodzi wa asodzi a anthu aja, ataima pafupi ndi siteshoni. A Geoffrey sanakwatirepo. Njinga alibe, ndipo kukwera kwake sadziwa.

"Mkazi wanga ali ndi pakati," ankafuula, "ine ndinapita kunyanja kukagula usipa! Mvula inagwa, tayala linaphwa!"

Mphini zitatu zinalipo. Pampu inalipo. Atafika posintha dooko anagwada, nadziguguda katatu, nalira.

Ndinaseka mpaka Petulo anadzuka kumsana. Anthu ananditembenukira ngati ndagwidwa ziwanda. Sindinasangalalepo chotero chikwatiwire.

Mboni za amuna anga ndinakaitana ndekha, khomo ndi khomo, wapansi.

5

Mlandu unakhala pabwalo la amayi, pansi pa mtengo wa bwemba. Malume a Laisoni anakhala pampando, nkhoswe ya a Mbewe pambali pawo. Anthu anadzaza mpaka kukhola la mbuzi.

"A Mbewe," anayamba malume, "ife sitinakugwireni. Mwadzigwira nokha, ndi chimkuzamawu. Tiuzeni chimene tikuchedwera pano."

Ndinagwada. "Malume, ndapempha anthu atatu kuti muwamve kaye."

Anaimirira a Geoffrey, a Sitefano ndi a Paulo, gogo wa zidzukulu amene mano akutsogolo anatha kalekale.

"Nenani umboni wanu," ndinatero.

Anayang'anana, nayambira pamodzi ngati ana a Sitandade 2 akunena matebulo.

"Abale anga, amene mukumuonayu anali galu!"

Pofika pakhonde paja, amayi ena anali atagona chammbali ndi phwete. Pofika pa pampu, malume anavula chipewa n'kubisamo nkhope. Atatu onse anagwada nthawi imodzi. A Paulo anachita kuwadzutsa.

"Inu a Paulo," anafunsa malume akupukuta misozi, "mimbayo munapereka chaka chiti? Nthawi ya Chitaganya cha Welensike?"

"Ndi ntchito ya Ambuye, achimwene," anayankha a Paulo.

Abusa a Misheck anali pomwepo, m'jekete mwawo. Malume anawafunsa ngati zinali zoona.

"Umboni umenewu," anatero abusa mosankha mawu, "ndinawaphunzitsa ndine, onse khumi ndi awiri, mawu ndi mawu."

Mlandu unathera pomwepo. Malume anandidzudzula kuti sukulu yandipatsa makutu aatali. Ndinagwada pamaso pa a Mbewe, pagulu, n'kupepesa. Amayi anapereka tambala wawo wofiira wopepesera mkamwini.

"Palibe kanthu," anatero a Mbewe mofatsa. "Ndakhululuka."

Anakhululukadi, munthu wa Mulungu. Tambalayo anadya ntchafu zonse ziwiri.

Petulo anapitiriza mankhwala ake, magazi anabwerera, timapazi tinaphwa. Mudzi unati umenewo ndi umboni wakuti bambo ake ndi osalakwa. Za mankhwala palibe anatchula.

6

Sukulu isanatsekedwe, abusa anakonza ulendo womaliza: asodzi a anthu onse pamodzi, ndi akazi awo monga kwaya, kukalalikira kudooko la kwa Bizeki. Masiku onse a sukulu, a Mbewe ankagwera mbali ya kumtunda. Ankati mphepo ya kunyanja imawapatsa chifuwa.

M'mawa wa ulendowo anadzuka atagwira pamimba.

"Sindipita, mayi a Petulo. M'mimba mwandipotokola."

Ine, mkazi wolapa, wofuna kukonza zimene ndinawononga, ndinathamanga kukasungunula mchere ndi shuga.

"Imwani, bambo. Satana akufuna kukulandani korona tsiku lomaliza. Mukalephera kupalasa, ndikukwezani ine."

Ndinawakwezadi pakaliyala, Petulo ali kumsana kwa amayi kunyumba. Mchenga wa njira ya kunyanja mukuudziwa. Ndinapalasa thukuta lili kamukamu, ndikuimba nyimbo ya chitsitsimutso.

Padooko panali anthu ambiri. Asodzi ankasoka maukonde, amayi ankatembenuza usipa pamathandala. Tinaimba nyimbo ziwiri. Kenako abusa analoza a Sitefano kuti apereke umboni.

"Abale anga, amene mukumuonayu anali galu!"

Palibe anati "Mmm." M'malo mwake asodzi anayamba kuseka, ena akuitana.

"Namaliya! Namaliya! Tuluka, amuna ako abweranso!"

Kuchokera pa chiwaya cha kanyenya panadzuka mayi wamfupi, khanda lili kumsana, chipande chili m'manja. Anayenda mosafulumira mpaka kutsogolo. Ndinawerenga mphini patsaya lake. Ndinawerenganso kachiwiri, kuti mwina masamu andilaka.

"Pitirizani, achimwene," anauza a Sitefano. "Mwafika pakhonde kapena mwalowa kale m'nyumba?"



"Inu ndinu akuluakulu awo?" anatero Namaliya akutembenukira abusa. "Chiyambire mimba yanga ili pakamwa, anthu anuwa akubwera awiriawiri kudzalira pano kuti anandipatsa pathupi. Wamtali, wamfupi, mpaka gogo wopanda mano. Dooko lonse likunditcha mkazi wa atumwi. Amayi anga kumudzi anamva kuti ndinagona ndi tchalitchi chathunthu. Koma wobwera ndi sopo, kapena kathewera kamodzi, ayi ndithu. Onse amangobwera ndi misozi. Ndichapire misozi?"

"Mayi," anayamba abusa, "ili ndi fanizo chabe la..."

"Fanizo likuyamwa, ili kumsanali."

Kenako maso ake anadutsa abusa, anadutsa kwaya, nakaima pa bwato lina lovundikira. Kuseri kwake kunkaoneka nsapato ziwiri zimene ndinazipaka polishi ndekha m'mawa umenewo.

"Koma lero mwachita bwino," anatero Namaliya. "Mwabwera naye mwini wake. A Mbewe! Dzukani kuseri kwa bwatoko. Mvula inakata kale."

Anatuma mnzake kunyumba. Pampu inabwera. Chogwirira chake chinali chomangidwa ndi mphira pamene chinang'aluka. Anamanga ndine.

A Mbewe anatuluka, nagwada, nayamba kudziguguda pachifuwa.

"Gawo lachitatu," anatero a Geoffrey motsitsa mawu, mwina mosadziwa.

Abusa anayambitsa korasi mwamphamvu. Palibe anawalandira.

Ndinawayandikira.

"Abusa, munkadziwa?"

Anakonza jekete. "Mayi Mbewe, sukulu itayamba, aliyense analowa kuchipinda payekha kudzandiuza zakale zake. Wina anaba chinangwa ali mwana. Wina anatukwana apongozi ake mumtima. Mungakole nsomba ndi zimenezo? Umboni wa amuna anu wokha ndiwo unali ndi mnofu. Ndinangochotsapo dzina."

"Ndiye pamlandu paja?"

"Sindinaname."

Zoona, sananame. Abusa athu sanama.

"Bwanji simunandiuze, mwana wanga akutupa, ine ndikugwada pagulu?"

"Zimene munthu waulula kuchipinda ndi za iye ndi Mulungu wake."

"Ndi msika wa Golomoti," ndinatero.

Namaliya anali akundiyang'ana. Ndinkayembekeza kuti tigwirana tsitsi, ndipo asodzi anali atasiya kale maukonde kuti aonere bwino.

"Ndinu akunyumba?" anafunsa.

"Ndine."

"Anandiuza kuti munamwalira."

"Ayi, ndilipo. Ndine ndawapalasa."

Anamasula nsalu nandionetsa khandalo. Kamtsikana. Nkhope yake inali ya a Mbewe, sindinafunikire kufunsa kanthu.

"Pobereka anandivutitsa azamba," anatero. "Ankati nditchule amuna onse. Ndinatchula mmodzi, iwo ankati ndikubisa khumi ndi mmodzi."

Tinaseka, ine ndi iye, kuseka koipa kotuluka ndi misozi. Kenako ndinapopa matayala ndi pampu yanga, n'kukwera njinga ndekha. Mmishonale anabwerera wapansi.

7

Ankhoswe anakumananso pansi pa bwemba. Ulendo uno panalibe woseka. Malume anandifunsa katatu ngati ndatsimikiza zothetsa banja. Anandikumbutsa kuti mwana amafuna bambo, kuti munda wa thonje sulimika ndi munthu mmodzi, kuti banja ndi kupirira.

Ndinkaopa. Ndinkaopa njala, ndinkaopa pakamwa pa anthu, ndinkaopa kugona ndekha m'nyumba ya chitseko chabango. Koma ndikatseka maso ndinkaona azamba atandizungulira, akundikakamiza dzina, mwini dzinalo atakhala panja mwakachetechete, akupemphera.

Ndinatulutsa mphasa yawo, khasu lawo, malaya awiri ndi Baibulo, n'kuziika pakhomo. Njinga malume anagamula kuti itsale, izinyamula ana awiri kupita kusikelo. Ine ndi Namaliya timakumana kumeneko mwezi ndi mwezi. Sitili paubwenzi. Timangosungirana malo pamzere.

Mukuganiza kuti a Mbewe anachotsedwa mumpingo? Simuwadziwa asodzi a anthu. Lamulungu lotsatira anasanjikidwa manja limodzi ndi anzawo, natumidwa kumalire kukalalikira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Abusa anati munthu amene wadutsa m'moto ndiye chida chakuthwa. Ine ndi amene ndinaikidwa kumbuyo kwa tchalitchi, chifukwa chosakhululuka.

Inu owerenga, makamaka akazi anzanga a amuna ofatsa, sindikuti musapemphere. Ine ndimapempherabe, ndipo ndikudziwa kuti pakati pa khumi ndi awiri aja analipo oyenda mitunda ndi njala chifukwa chokonda Mulungu moona. Ndikungoti kulapa kumene kumafuna chimkuzamawu muzikuyang'anitsitsa. Munthu wolapadi amayamba kugogoda pakhomo pa amene anamulakwira. Amuna anga anauza Golomoti yense, Mtakataka yense, ndi midzi ya m'mbali mwa Bwanje, koma anthu awiri okha amene ankayenera kumva, ine ndi Namaliya, anatisiyira kuti tikamvere pamsika. Ndipo mukaona mwamuna wanu akuimbidwa mlandu, musathamangire kumufunira mboni. Mpatseni mpata atuluke thukuta lake.

Chaka chathachi abusa anatsegulanso sukulu ina, ndi ophunzira atsopano ochokera m'mipingo ya kutali. Mwezi wapitawu ndinali pamsika wa Mtakataka ndikugula tomato, pamene bambo wina wamtali, woti sindinamuonepo chibadwire, anakwera pachitsa ndi chimkuzamawu.

"Abale anga, amene mukumuonayu wazunzika chifukwa cha Uthenga! Mkazi wanga, wodzitama ndi Folomu 3 yake, ananditayira mphasa ndi Baibulo panja! Anandilanda njinga! Ndinayenda wapansi mumchenga wotentha, kuchokera kunyanja!"

Anagwada, nadziguguda, nalira bwino kwambiri. Anthu ambiri anakweza manja kuposa a ku Golomoti aja.

Mayi wa tomato anapukusa mutu akundiikira basera.

"Akazi ena ndi afiti ndithu," anatero.

"Alipo, mayi," ndinayankha. "Onjezani kamodzi, ako n'kophwanyika."